ZOMBO ZA MZINDA WOPANDA NYANJA

Munthu ataima pa culu cacitali ca ku Bwacha nayang'ana kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera, sangaone nyanja ngakhale pang'ono. Aona nyumba, mitengo, njanji ndi miulu ya miyala yotsala ku mgodi wakale. Mzinda wa Kabwe uli pakati pa dziko la Zambia, ndipo dziko la Zambia lazingidwa ndi maiko ena ku mbali zonse, kotero kuti palibe pamene likhudzana ndi nyanja ya mcere. Cifukwa ca ici ana ambiri ayesa kuti nkhani ya zombo ndi ya anthu a kutali okha. Koma si tero ai. Nsomba youma ya pa msika inabwera ndi bwato. Njinga imene munthu akwera popita ku nchito inaoloka nyanja m'combo. Ngakhale mgodi umene unabala mzindawu sukadakula popanda zombo zotenga mtobvu wace.

KUMENE MADZI A KU KABWE APITA

Kabwe ali pa mtunda wokwera, mamita pafupifupi 1,200 pamwamba pa nyanja ya mcere. Mvula ikagwa, madzi ace agawikana pawiri. Ena atsikira kum'mawa nalowa mu mtsinje wa Mulungushi. Mulungushi athira mu Lunsemfwa, Lunsemfwa athira mu Luangwa, ndipo Luangwa athira mu Zambezi. Madzi ena atsikira kumadzulo nalowa m'dambo lalikulu la Lukanga, nacoka m'menemo kulowa mu Kafue, amenenso athira mu Zambezi. Motero madzi amene analekana pa Kabwe akomananso mu Zambezi, nayenda pamodzi kupyola dziko la Mozambique kufikira atalowa m'Nyanja ya India.

Nanga ngati madzi adziwa njira ya kunyanja, cifukwa ninji combo sicikwera ndi njira yomweyo kudzafika kuno? Cobvuta ndi mathithi. Madzi ocokera pa mtunda wokwera cotere satsika mofatsa ai. Alumpha pa matanthwe ndi kupanikizana m'zigwa zopapatiza. M'caka ca 1858 David Livingstone anayesa kukwera Zambezi ndi sitima yaing'ono yochedwa Ma Robert. Anafika bwino ku Tete, koma kumtunda kwace anapeza mathithi oopsa a Cahora Bassa, ndipo anazindikira kuti palibe combo cimene cingapitirire pamenepo. Lero pa malo omwewo pali khoma lalikulu locinga madzi, limene linatsirizika m'caka ca 1974. Cotero anthu a dziko lino anayenera kufuna njira zina zofikira kunyanja, ndi kugwira nchito ndi madzi amene ali nao pafupi.

BWATO LA KU LUKANGA

Madzi akulu apafupi ndi Kabwe ndiwo dambo la Lukanga, limene liyamba makilomita ngati 50 kumadzulo kwa mzinda. Dambolo ladzala ndi bango, gumbwa ndi udzu wa m'madzi, ndipo pakati pace pali maiwe ndi timisewu ta madzi tokhotakhota. Kuyambira kale lomwe Alenje ndi Atwa anali kuyenda m'menemo ndi mabwato osema, ndipo kufikira lero asodzi a mitundu yambiri apezamo cakudya cao.

Kusema bwato ndi nchito ya mmisiri. Poyamba mmisiriyo afunafuna mtengo waukulu, woongoka ndi wopanda mphako, monga mlombwa, umene ena auchula mukwa, kapena mbawa. Ataugwetsa, adula thunthu pa msinkhu umene afuna, nasema pamwamba pace kuti pakhale posalala. Pamenepo ayamba kukumba m'kati ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Nchitoyi ifuna kudekha, pakuti akakumba mopitirira, bwato liboola; akasiya mbali imodzi yocindikala kuposa inzace, bwato lipendekeka pa madzi. Nthawi ndi nthawi mmisiri agogoda m'mbali ndi kumvetsera kulira kwa mtengo, kuti adziwe pamene patsala pocindikala. Potsiriza asongola kutsogolo kuti bwato ling'ambe madzi mosabvuta, ndipo aitana anzace kudzamthandiza kulikokera ku gombe, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pa madzi akuya msodzi apalasa ndi nkhafi, koma pa madzi osaya aimirira kumbuyo kwa bwato nakankha pansi ndi mtengo wautali. Ayenera kukumbukira njira zonse za m'bango, cifukwa bango ndi lalitali kuposa munthu, ndipo zilumba zina za udzu ziyandama ndi kusuntha ndi mphepo, mwakuti njira imene inali yotseguka m'mawa ipezeka yotsekeka madzulo. Ayeneranso kucenjera ndi mvuu, imene ikhoza kugubuduza bwato, ndi ng'ona imene idikira m'mbali mwa madzi. Nsomba zimene agwira, milamba ndi zina, aziwamba pa moto, ndipo amalonda azitengera ku misika ya m'Kabwe pa njinga ndi pa galimoto.

Masiku ano mitengo ikuluikulu yacepa, cotero asodzi ena akhoma mabwato a matabwa, ndipo ena aikako injini. Koma bwato losema silinathe ulemu wace. Ku Barotse, madzi a Zambezi akasefukira, Litunga, mfumu yaikulu ya Alozi, acoka ku Lealui kunka ku Limulunga m'ngalawa yace yochuka ya Nalikwanda, ya mizere yoyera ndi yakuda, yokhala ndi cifanizo ca njobvu pamwamba. Mwambo umenewu ndiwo Kuomboka.

Kum'mawa kwa Kabwe kulinso madzi ena, koma awa ndi opangidwa ndi anthu. M'caka ca 1925 anatsegula khoma locinga mtsinje wa Mulungushi kuti madzi ace apange magetsi a ku mgodi. Kumbuyo kwa khomalo kunabadwa nyanja yaing'ono, imene anthu aweramo nsomba ndi kuyendamo ndi mabwato.

ZOMBO ZIMENE ZINAYENDA PA MTUNDA

Popeza mitsinje inakana kupereka njira, zombo zoyamba za citsulo zinafika pa nyanja za pakati pa Afrika zitasenzedwa pa mutu. M'caka ca 1875 amishoni a ku Scotland anabwera ndi sitima yochedwa Ilala. Anakwera nayo Zambezi ndi Shire, ndipo atafika pa mathithi a Shire anaiphwasula. Amtengatenga mazanamazana anasenza zidutswa zace kulambalala mathithiwo, ndipo kumtunda anailumikizanso. M'mwezi wa October caka comweco Ilala analowa m'nyanja imene lero ichedwa Nyanja ya Malawi.

Patapita zaka zowerengeka amishoni ena anadzera njira yomweyo ndi zidutswa za sitima ina, Good News. Kucokera ku mapeto a kumpoto a Nyanja ya Malawi, amtengatenga anazisenza kukwera mapiri kufikira ku Nyanja ya Tanganyika. Amisiri anaimanga pa mtsinje wa Lufubu, kumpoto kwa Zambia, naiika pa madzi m'caka ca 1885.

Zombo ziwiri zinapita ndithu pakati pa Kabwe, nthawi imene mzindawu unali kuchedwa Broken Hill. Nkhondo yaikulu yoyamba itabuka m'caka ca 1914, Ajeremani anali ndi masitima a mfuti pa Nyanja ya Tanganyika, ndipo panalibe wowaletsa. Angerezi anapangana kutumiza timasitima tiwiri ta liwiro, kali konse ka mamita 12 m'litali mwace. Mtsogoleri wa ulendowo, Geoffrey Spicer-Simson, anaticha maina akuti Mimi ndi Toutou, ndiwo maina amene ana a ku France aitanira kamphaka ndi kagalu. Timasitimato tinacoka ku England m'combo cacikulu m'caka ca 1915 ndi kutsikira ku Cape Town. Kumeneko anatikweza pa sitima ya pamtunda, imene inadzera ku Bulawayo, niolokera pa ulalo wa Victoria Falls, nipyola pa Broken Hill m'mwezi wa July, kunka ku Congo.

Njanji inathera pa Fungurume. Kucokera pamenepo panali mapiri ndi chire, ulendo woposa makilomita 200, m'nyengo ya cilimwe. Makina awiri oyendera nthunzi, ng'ombe zambiri ndi anthu a ku Congo mazanamazana anakoka zombozo ndi zingwe, nalambula mseu ndi kumanga maulalo pa mitsinje. Amai anali kutunga madzi kutali kudzathira m'makinawo. Pambuyo pace zombozo zinatsika ndi mtsinje wa Lualaba, zinakweranso njanji ina, ndipo zinafika pa nyanja kumapeto kwa October. Pa 26 December 1915 zinagwira sitima ya Ajeremani yochedwa Kingani, ndipo pa 9 February 1916 Angerezi anamiza ina yochedwa Hedwig von Wissmann.

Ajeremani anatsala ndi sitima yao yaikulu, Graf von Goetzen, imene inamangidwa ku Germany m'caka ca 1913 ndi kubwera ku Kigoma m'mabokosi. Poona kuti adani ayandikira, anaimiza okha m'caka ca 1916. Angerezi anaibvuula m'caka ca 1924, naikonza, ndipo m'caka ca 1927 inayambanso kuyenda ndi dzina latsopano lakuti Liemba. Kwa zaka zambiri inali kutenga anthu ndi katundu pakati pa Kigoma ndi Mpulungu, dooko lalikulu la Zambia.

Pa nkhondo yomweyo bwato losema linagwiranso nchito yaikulu. Asilikari a ku malire a kumpoto anali kusowa cakudya, cifukwa mtengatenga woyenda ulendo wautali amadya gawo lalikulu la ufa umene wasenza. Cotero katundu wotsika pa njanji ku Ndola anamtengera ku mtsinje wa Luapula, ndipo mabwato mazanamazana anamuolotsa madambo a Bangweulu kunka ku dera la Kasama. Bwato limodzi la opalasa owerengeka linali kutenga katundu wa amtengatenga angapo. Ici cionetsa cifukwa cace anthu a maiko onse akonda kutengera katundu wolemera pa madzi: madzi ndiwo asenza, munthu angokankha.

ULENDO WA MTOBVU

M'caka ca 1902 munthu wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtobvu ndi zinki pa malo ano, napacha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Koma mwala wa mtengo wapatali ukhala wopanda pace ngati palibe njira youfikitsira kwa ogula, ndipo ogulawo anali tsidya lija la nyanja. Njanji inafika kuno m'caka ca 1906. Kuyambira pamenepo zotuluka mu mgodi zinali kuyenda pa sitima ya pamtunda kupyola Livingstone, Bulawayo, Salisbury ndi Umtali, ndiyo mizinda ya Harare ndi Mutare lero, kufikira ku dooko la Beira, ulendo woposa makilomita 2,000. Ku Beira makina onyamulira anali kuzitsitsira m'mimba mwa zombo zonka ku Ulaya ndi ku maiko ena. Kumeneko mtobvu unali kusanduka mipope ndi mabatire, ndipo zinki anali kukutira malata kuti asacite dzimbiri.

Cinthu cina cochuka cinaolokanso nyanja. M'caka ca 1921 anthu okumba mu mgodi anapeza cigaza ca munthu wakale kwambiri. Anacitumiza ku London, ndipo cili komweko m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Makalata a ku England naonso anali kudza pa madzi. Zombo za mtokoma zinali kuyenda pakati pa Southampton ndi Cape Town, ulendo wa masabata ngati awiri, ndipo sitima ya pamtunda inali kufikitsa makalatawo kuno. Zombo zimenezo zinaleka kuyenda m'caka ca 1977, ndege zitalanda nchito yao.

Kukhala kutali ndi nyanja kuli ndi mabvuto ace. Dziko lotere lili ngati munthu amene njira yace ya kucitsime ipyola m'munda wa mnzace. Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, panabuka kusamvana ndi boma la Azungu la ku Rhodesia, ndipo m'caka ca 1973 malire anatsekedwa. Njira ya ku Beira inafa. Pa nthawi imeneyo anali atayamba kale kumanga njanji yatsopano, ndi cithandizo ca dziko la China. Njanjiyo, ya TAZARA, iyambira pa Kapiri Mposhi, kumpoto pang'ono kwa Kabwe, nithera pa dooko la Dar es Salaam, makilomita 1,860. Inatsirizika m'caka ca 1975.

Dzina la Broken Hill linasinthidwa kukhala Kabwe m'caka ca 1966, ndipo mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Koma zombo sizinaleke kutumikira mzindawu. Mkuwa wa ku migodi ya kumpoto upyola pano pa magalimoto akuluakulu ndi pa njanji kunka ku madooko. Feteleza, mankhwala, makina ndi magalimoto zitsikira ku Dar es Salaam, Beira, Durban kapena Walvis Bay. Mafuta ena atsitsidwa m'zombo ku Dar es Salaam nayenda mu mpope wa TAZAMA kufikira ku Ndola. Combo cikacedwa ku dooko, mlimi wa ku Kabwe akhoza kusowa feteleza mvula itagwa kale.

MOYO WA AMALINYERO

Anthu ogwira nchito m'zombo achedwa amalinyero. Kale zombo zinali kuyenda ndi mphepo yokankha matanga. Aluya anali kudikira mphepo ya nyengo yace kuti iwafikitse ku magombe a kum'mawa kwa Afrika, nadikiranso miyezi ingapo kuti itembenuke ndi kuwabwezera kwao. Zombo zao zinatenga nsaru ndi mikanda, komanso zinatenga minyanga ndi akapolo ambiri ogwidwa m'maiko a kuno. M'caka ca 1498 Vasco da Gama wa ku Portugal anafika ku magombe a Mozambique atazungulira kunsi kwa Afrika. Pa maulendo otere amalinyero ambiri anali kufa ndi nthenda yotupitsa nkhama, cifukwa ca kukhala miyezi yambiri osadya zipatso kapena ndiwo zamasamba. Pambuyo pace anthu anazindikira kuti madzi a mandimu aletsa nthendayo.

Matanga analowedwa m'malo ndi makina a nthunzi otentha malasha, ndipo lero zombo zambiri ziyendera mafuta. Mkulu wa combo ndiye kapitao, ndipo mau ace ndiwo lamulo. Pansi pace pali oyang'anira njira, amisiri a injini, ophika ndi ena osamala zingwe ndi nangula, ndico citsulo colemera cimene aponya pansi pa madzi kuti combo ciime. Combo sicigona usiku, cotero amalinyero alandizana udikiro, kawirikawiri maora anai anai. Kale anali kupeza njira poyang'ana dzuwa, nyenyezi ndi kampasi, kansingano koloza kumpoto nthawi zonse. Lero athandizidwanso ndi makina olandira mau kucokera ku masetilaiti, koma woyang'anira njira aphunzirabe nzeru zakalezo, pakuti makina akhoza kufa.

Kuyambira m'caka ca 1956 katundu anayamba kuyenda m'mabokosi akuluakulu a citsulo ochedwa makontena. Bokosi lotsekedwa ku China licoka m'combo, likwera galimoto, nilifika ku Kabwe losatsegulidwa. Combo cimodzi cacikulu citenga mabokosi otere zikwizikwi, koma amalinyero ace ndi owerengeka, mwina makumi awiri kapena atatu okha. Akhala miyezi yambiri osaona ana ao, ndipo akomana ndi anamondwe amene mafunde ao aposa nyumba kutalika.

Amuna a dziko lino naonso analawako moyo wa pa nyanja. Pa nkhondo yaikulu yaciwiri, ya 1939 kufikira 1945, asilikari a Northern Rhodesia Regiment anakwera zombo kunka ku Somaliland, Madagascar, Ceylon ndi Burma. Ambiri a iwo anali asanaonepo madzi opanda tsidya, ndipo atabwerera anasimbira abale ao za madzi owawa mcere amene munthu sangamwe ngakhale ali ndi ludzu lotani.

CIFUKWA CACE COMBO SICIMIRA

Tsono pali funso limene liyenera mwana wa mzinda wa mtobvu. Kacidutswa ka mtobvu kakagwera m'madzi kamira pomwepo, ndico cifukwa cace asodzi amangirira mtobvu ku maukonde. Msomali naonso umira. Nanga combo ca citsulo, codzala ndi mtobvu, ciyandama bwanji?

Yankho lace analipeza munthu wanzeru wa Cigriki, Archimedes, zaka zoposa 2,000 zapitazo. Cinthu cikalowa m'madzi, cikankhira madzi ena pambali kuti cipeze malo. Madziwo naonso acikankhira m'mwamba, ndipo mphamvu yao ilingana ndi kulemera kwa madzi amene acotsedwa pa malo pao. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Citsulo ca ukulu womwewo cilemera makilogalamu pafupifupi 8, ndipo mtobvu uposa makilogalamu 11. Cotero mbulumbwa ya citsulo icotsa madzi ocepa kuposa kulemera kwace, nimira. Koma citsulo comweco cikasulidwa kukhala cophanuka ngati mbale, m'kati mwace mukhala mpweya, ndipo cicotsa madzi ambiri cisanabire. Pamene madzi ocotsedwawo alingana ndi kulemera kwa mbaleyo, ileka kutsika, niyandama.

Mwana ali yense akhoza kuyesa ici ndi dongo. Aumbe kampira ka dongo nakaike m'beseni la madzi: kamira. Atenge dongo lolingana nalo naumbe kambale kopyapyala ka m'mbali mwakuya: kayandama. Aikemo timiyala kamodzi kamodzi, ndipo aona kambaleko kalikutsika pang'ono pang'ono, kufikira kamwala kotsiriza kamene kalowetsa madzi ndi kukamiza. Poyesa izi asagwire mtobvu kapena dothi la ku miulu ya mgodi, pakuti pfumbi la mtobvu ndi ululu umene uononga magazi ndi nzeru za ana.

MZERE UMENE UPULUMUTSA MOYO

Kambale ka dongo kaphunzitsa kuti combo ciri conse cili ndi malire a katundu amene cingasenze. Kale ku England eni zombo ena aumbombo anali kulonga katundu wopitirira, ndipo zombo zambiri zinamira pamodzi ndi amalinyero ao. Phungu wina wa nyumba ya malamulo, Samuel Plimsoll, anamva cisoni ndi akazi amasiye ndi ana ao, nalimbana ndi eni zombowo zaka zambiri. M'caka ca 1876 linakhazikitsidwa lamulo lakuti pa nthiti ya combo pakhale cizindikiro, ndico cozungulira cokhala ndi mzere wopingasa pakati. Madzi akafika pa mzerewo, kulonga kwatha. Kufikira lero cizindikiroco cichedwa mzere wa Plimsoll. Pambali pace pali mizere ina, cifukwa madzi a mcere alemera kuposa madzi ozizira a mumtsinje, ndipo combo cicoka pa nyanja kulowa mumtsinje citsika pang'ono.

Madzi a m'kati mwa dziko sali ofatsa kuposa a nyanja ya mcere ai. Pa 30 July 1946 sitima yatsopano yochedwa Vipya inakomana ndi namondwe pa Nyanja ya Malawi, pafupi ndi Florence Bay, pamene lero pachedwa Chitimba. Inagubuduzika nimira, ndipo anthu 145 anafa. Ngati combo ca citsulo cingathe kugonja cotero, nanga bwato la mtengo?

Bwato losema lilibe mzere wolembedwa, koma msodzi wanzeru ali nao m'mutu mwace. Ayang'ana mpata wotsala pakati pa madzi ndi milomo ya bwato, ndipo ukacepa akana thumba lina ngakhale mwini wace adandaule cotani. Aika katundu wolemera pansi ndi pakati, pakuti kulemera kukakhala pamwamba bwato ligubuduzika msanga. Auza okwera kuti akhale pansi, asaimirire kapena kuthamangira mbali imodzi. Atenga cikho cokapira madzi, ndipo ngati zobvala zoyandamitsa munthu zilipo, aonetsetsa kuti onse abvala. Mitambo ikada ndi mphepo ikayamba kuomba, akocezanso ku gombe nadikira, pakuti kucedwa kufika kuposa kusafika konse. Bwato likagubuduzika, munthu agwiritse bwatolo, cifukwa mtengo uyandamabe ngakhale utadzala madzi.

Pakati pa bwato la ku Lukanga ndi combo ca ku Dar es Salaam pali kusiyana kwakukulu kwa msinkhu, kwa mphamvu ndi kwa mtengo wace. Koma madzi amene asenza zonse ziwirizi ali ndi lamulo limodzi, ndipo sayang'ana nkhope ya kapitao kapena ya msodzi. Mwa kumvera lamulo limenelo anthu afikitsa nsomba ku msika wa ku Bwacha, anafikitsa mtobvu wa ku Kabwe ku Ulaya, ndipo afikitsabe feteleza ku minda ya dziko lopanda nyanja.

MAFUNSO

1. Chulani mitsinje imene madzi a ku Kabwe adzeramo kufikira ku Nyanja ya India.
2. Cinaletsa David Livingstone kukwera Zambezi ndi sitima n'ciani?
3. Fotokozani m'mene mmisiri asemera bwato.
4. Kodi Mimi ndi Toutou anafika bwanji pa Nyanja ya Tanganyika?
5. Cifukwa ninji dziko la Zambia linafuna njanji ya ku Dar es Salaam?
6. Cifukwa ninji msomali umira, koma combo ca citsulo ciyandama?
7. Lembani zinthu zinai zimene munthu wokwera bwato ayenera kusamala.